Mmene mungalimbitsire pepala lopanga pamanja kuti lisang'ambike likanyowa

Chaka chimene ndinayamba kupanga timatumba ta mapepala kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, ndinkadalira sitachi wa chinangwa. Timatumbato tinkatuluka tosalala, tolimba ngati katoni, ndipo mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Zingwangwa anagula 200 m'mwezi wa Okutobala, sabata yotsatira n'kudzawonjezera. Mvula yoyamba ya Novembala itagwa anandiimbira foni. "Achimwene, matumba anu aja asanduka phala. Tomato wa kasitomala wanga wamwazika pamsewu, ndachita kumupatsa wina." Sanakalipe, koma anabwerera ku majumbo, ndipo zinandiwawa chifukwa majumbo omwewo ndi amene atseka ngalande ndi kudzaza mtsinje wa Mudi. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo n'kutsimikiza chiletsocho mu 2019, koma wogulitsa pamsika sangasiye jumbo n'kutenga thumba lobooka likangokhudza madzi a tomato.

Vuto linali langa. Sindinkadziwa kuti kulimba kwa pepala louma ndi kulimba kwa pepala lonyowa n'zosiyana. M'pepala mulibe cholukidwa ngati m'nsalu. Tiulusi ta zomera timangogonerana, ndiye madzi akamauma pakati pake timakokana n'kugwirana tokha. Madzi akabwerera amalowa pomwe panagwiranapo n'kumasula. Pepala wamba likanyowa mpaka mkati limatsala ndi mphamvu zosafika 10 pa 100 za mphamvu zomwe linali nazo lili louma. A m'mafakitale amati pepala ndi lolimba ponyowa ngati lasunga zoposa 15 pa 100, ndipo amafikapo pothira utomoni wopangidwa ndi mankhwala, makamaka wotchedwa PAE. N'chifukwa chake pepala lopukutira m'manja limapirira madzi pamene la kuchimbudzi limasungunuka.

Sitachi amamata bwino, koma madzi akamufika amafewa n'kubwerera kukhala phala lija munaphika. Chomwe tikufuna ndi chomatira chosungunuka pamene tikuchipaka, koma chokana kusungunukanso chikauma. Muzikumbukiranso kuti pepala lokana madzi pamwamba, loti dontho limangoyendayenda osalowa, silinalimbe ayi: mukalipinda n'kusweka pamwambapo, madzi amalowa ndipo limatha ngati lina lililonse.

Yambani ndi luzi

Palibe chothira chomwe chingapulumutse pepala la tiulusi tatifupi. Mapepala otayidwa a m'maofesi tiulusi take n'tatifupi kale, ndipo nthawi iliyonse yomwe aviikidwa ndi kusinjidwanso timafupikirafupikira. Nyuzipepala ndiye kwambiri. Luzi lalitali lili pafupi nafe: mathunthu a nthochi omwe amangowola m'munda mkoko ukadulidwa, khonje, ndi zidutswa za nsalu za thonje lenileni kwa atelala. A bungwe la PAMET kuno ku Blantyre akhala akupanga mapepala apamanja kwa zaka zambiri posakaniza mapepala otayidwa ndi luzi la nthochi ndi zomera zina. Ngakhale timatumba ta tiyi toviika m'kapu, tomwe timapirira madzi owira, tambiri timapangidwa ndi luzi la abaca, mtundu wa nthochi wolimidwa kwambiri ku Philippines.

Sendani makoko a thunthu la nthochi, mugoneke khoko lililonse pathabwa n'kupala ndi mpeni wobuntha mpaka zofewa zonse zichoke, patsale luzi lokha. Valani zovala zakale, utomoni wa nthochi suchoka pa malaya. Yanikani luzilo liume kuti muliyeze pasikelo, kenako lidulenidulani masentimita 2 kapena 3 n'kuliviika usiku wonse. M'mawa liphikeni kwa maola awiri kapena atatu m'madzi a soda wochapira, magalamu 200 pa kilogalamu imodzi ya luzi louma. Chidulo champhamvu cha phulusa la nkhuni chimagwiranso ntchito, kungoti chimachedwa. Musaphikire m'poto wa aluminiyamu, soda amamudya. Kositiki musamukhudze ngati mukungoyamba kumene: amawotcha khungu ndi maso, komanso akachuluka amafoola luzi lomwe mukufuna kuti likhale lolimbalo. Luzi lapsa mukatha kulipatula ndi zala mosavuta. Litsukeni mpaka lisiye kuterera.

Ine ndimaika magawo awiri a luzi la nthochi pa gawo limodzi la mapepala otayidwa. Luzi lokha limatulutsa pepala lolimba zedi koma lokwinyika pouma.

Kusinja, therere ndi kupsinja

Sinjani luzilo mumtondo wakewake, osati wosinjira nsinjiro, lili lonyowa, pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe ambiri timathamangira, chonsecho mphamvu zambiri za pepala zimabadwira mumtondomu. Munsi umaphwanya khungu la kaulusi kalikonse n'kutulutsa timaubweya tosaoneka ndi maso, ndipo timaubweyato ndi timene timakolana. Kuti mudziwe ngati zatheka, tapani pang'ono muike m'botolo la madzi n'kukhutchumula. Zikamwazika ngati mtambo, popanda timibulu, zatheka. Zikatsala timfundo, bwererani kumtondo.

Luzi lalitali limakonda kukolana m'beseni, pepala n'kutuluka lochindikala pena, lopyapyala pena, ndipo likanyowa limayambira kung'ambika popyapyalapo. Mankhwala ake ndi therere lobala. Dulani timaterere 10 muviike m'malita awiri a madzi ozizira usiku wonse, osaphika, osathira chidulo, m'mawa musefe pansalu. Madzi onandawo muzithira pang'onopang'ono m'beseni la phala la pepala. Amachedwetsa madzi kudontha pasefa yovuulira pepala, ndiye mumapeza mpata wogwedeza sefayo uku ndi uku kuti tiulusi tiyalike mofanana. Ku Japan opanga mapepala apamanja amagwiritsa ntchito mizu ya tororo-aoi, chomera cha banja limodzi ndi therere lathuli. Therere silimata pepala ndipo kunanda kwake kumatha msanga kukatentha, choncho konzani latsiku lomwelo.

Mukavuula mapepala n'kuwasanja pakati pa nsalu, apsinjeni kwambiri pakati pa matabwa awiri. Jeke ya galimoto imaposa njerwa. Kupsinja kumayandikizitsa tiulusi, ndipo poyandikana ndi pomwe pamagwirana. Yanikani pamthunzi, kenako asungeni milungu iwiri musanawapake chilichonse. Pepala longouma kumene limaphwasuka mosavuta mukaliviikanso.

Yesani musanapake

Musadumphe apa, chifukwa maso amanama. Dulani timizere 6 ta pepala, kalikonse masentimita 2 mulifupi ndi 20 mulitali. Kulungani mapeto onse awiri pa timitengo n'kumanga ndi mphira kuti zisapulumuke. Kamtengo kam'mwamba kakolekeni pamtanda, kam'munsi mupachikepo chigubu chopanda kanthu, ndiye muzithiramo madzi pang'onopang'ono ndi kapu yoyezera mpaka pepala liduke. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuwerengera sikuvuta. Yesani timizere titatu tili touma, titatu tinato mutativiika m'madzi ozizira kwa mphindi 30. Pa tonyowa gwiritsani ntchito kabotolo kopepuka, poti chigubu chokha chikhoza kudula.

Tiyerekeze kuti kouma kaduka pa malita 5, konyowa pa theka la lita. Ndiye kuti pepala lasunga 10 pa 100. Konyowa kakafika lita imodzi, lasunga 20 pa 100, ndipo mwadutsa mzere uja wa 15. Lembani zonse m'kope: tsiku, luzi lomwe munasakaniza, zomwe munapaka, ndi pomwe panadukira. Mukapanda kulemba mudzapanga pepala labwino tsiku lina n'kulephera kulibwereza.

Jelatini

Njira yomwe ndimaidalira kwambiri ndi ya jelatini, ndipo si yatsopano. Opanga mapepala a ku Fabriano ku Italy anayamba kuviika mapepala awo mu jelatini wa zikopa ndi mafupa m'zaka za m'ma 1200, ndipo mabuku ambiri a ku Ulaya a m'ma 1400 akadali olimba mpaka lero. Aliyense amene anadyapo mang'ina amamudziwa jelatini: ndi uja amaundanitsa msuzi ukagona, n'kumamata milomo.

Wa m'mapaketi wogulitsidwa m'masitolo akuluakulu pamodzi ndi zophikira makeke ndi wosavuta kuyeza. Tengani magalamu 30 pa lita imodzi ya madzi. Muyambe mwamuviika m'madzi ozizira kwa theka la ola kuti afufume, kenako mutenthetse pamoto wochepa mukutakasa mpaka asungunuke. Asawire, kuwira kumamufoola.

Ngati mapaketi akudula, gulani mang'ina awiri kubutchala. Awauleni, apaleni, aduleni, muwiritse kamphindi n'kutaya madzi oyambawo. Thirani madzi ena muphike pamoto wofatsa kwa maola 6 mpaka 8, osathira mchere, tomato, anyezi kapena mafuta. Sefani msuziwo pansalu yothina n'kuusiya uzizire usiku wonse. M'mawa yengulani mafuta onse omwe ayandama pamwamba, onse ndithu, chifukwa kadontho kamodzi kamasiya banga loonekera pa pepala ndipo pabangapo sipagwira guluu kapena inki. Nyamayo sinawonongeke, ithireni mchere ndi tomato idyedwe. Msuzi wotere umakhala wamphamvu kuposa wofunika, ndiye muusungunule n'kuwonjezera madzi. Poyesa, thirani pang'ono m'sosala muike m'firiji kapena panja m'mawa wa Juni. Uyenera kuundana mofewa, wonjenjemera, woti chala chimangolowa. Ukalimba moti n'kudulika ndi mpeni, wonjezerani madzi.

Tsopano kuviika. Thirani jelatini m'thireyi yotakata kuposa pepala lanu, ali wofunda moti chala chikupirira bwinobwino, pafupifupi madigiri 45. Akazizira amakhuthala n'kungokhala pamwamba osalowa mkati, ndiye khazikani thireyiyo pa beseni la madzi otentha. Musaviike pepala limodzilimodzi, ling'ambika m'manja. Tengani 5 kapena 10 pamodzi, muwagoneke m'thireyi n'kumawatsegula ngati buku kuti jelatini alowe paliponse. Pakatha mphindi zingapo anyamuleni onse pamodzi pogwira m'mphepete ndi timitengo tiwiri, muwapsinje pang'ono pakati pa matabwa kuti wotsala adonthe, ndipo nthawi yomweyo, akadali ofunda, alekanitseni. Mukapita kukamwa tiyi kaye mudzapeza njerwa imodzi ya mapepala. Ngati pepala lanu ndi lopyapyala kwambiri, ligonekeni pathabwa losalala mulipake ndi burashi yofewa, mbali imodzi iume kenako inayo.

Yanikani pachingwe pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa la masana limasungunula jelatini asanaume, ndiye amatsetserekera kumunsi kwa pepala. Nyengo imene ntchitoyi imakoma kuno ndi Ogasiti ndi Sepitembala. Mu Okutobala jelatini amasasa tsiku lomwelo n'kuyamba kununkha, ndiye konzani wokwanira m'mawa umodzi. Mu Juni ndi Julayi sawonongeka msanga, koma chiperoni chikagwa mapepala amatha masiku osauma ndipo nkhungu imayamba.

Pepala la jelatini yekha limalimba kwambiri louma, limalira mukaligwedeza, limalembeka ndi inki osafalikira. Koma mukaliviika nthawi yaitali jelatiniyo amafufuma n'kufewa. Pakufunika chomukhwimitsa, ndipo pali ziwiri.

Alamu kapena tiyi

Ngati mukufuna pepala loyera la makadi a ukwati, ziphaso kapena lojambulapo ndi utoto wamadzi, gwiritsani ntchito alamu, mwala woyera uja ena amapaka akameta ndevu. Funsani m'mafamase kapena m'masitolo a zokometsera zakudya ku Limbe. Perani magalamu awiri okha pa lita imodzi ya jelatini, musungunule m'madzi ofunda pang'ono n'kuthira pang'onopang'ono mukutakasa, musanayambe kuviika. Musanyengeke kuti wambiri ndiye wabwino. Alamu ndi wa asidi, ndipo asidi amadya pepala mwakachetechete. Moritz Illig wa ku Germany atafalitsa mu 1807 njira yothira utomoni wa paini ndi alamu m'phala la pepala, mafakitale anaitengera chifukwa inali yotchipa, koma mabuku ambiri osindikizidwa pa mapepala otero anadzasanduka achikasu n'kumathetheka pakapita zaka.

Pa matumba, zokutira sopo ndi tizikwangwani ta kunazale, ine ndimasankha tiyi. Khambi lomwe mumamva pa lilime mukamwa tiyi wamphamvu wopanda mkaka limachokera ku tanini, ndipo tanini akakumana ndi jelatini amamugwira n'kumusandutsa chinthu chosasungunuka m'madzi ozizira. Ndi zomwezo zimachitika pofufuta chikopa ndi makungwa a mitengo: chikopa chomwe chikanawola chimasanduka cha nsapato. Kunena zoona, mukufufuta pepala. Ku Japan amapaka madzi osasa a zipatso zosapsa za persimmon pa mapepala a maambulera pa chifukwa chofananacho. Ife tili ndi mwayi kuti tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje ali pakhomo, ndipo wotchipa wa fumbi uja ndiye wabwino.

Wiritsani magalamu 50 a masamba a tiyi mu lita imodzi ya madzi kwa mphindi 20, musefe, ndipo mudikire azizire kwathunthu. Tiyi wofunda amasungunula jelatini n'kumuchotsa m'pepala asanamukhwimitse. Pepala lanu la jelatini likhale litauma masiku awiri kapena atatu. Liviikeni mu tiyi wozizirayo kwa mphindi 5 mpaka 10, mulitsukuluze kamodzi m'madzi oyera, muliyanike, ndipo likatsala pang'ono kuuma lipanikizeni pakati pa matabwa kuti liwongoke. Mukabwereza kachiwiri limakhwima kwambiri ndipo mtundu wake umaderako ngati chikopa.

Zinthu ziwiri zinandiphunzitsa mowawa. Choyamba, musathire tiyi m'poto wa jelatini pofuna kufupikitsa ntchito. Zimaundana pompo n'kukhala zibuma zomata zopanda ntchito. Zimayenera kukumanirana mkati mwa pepala. Chachiwiri, tanini ndi chitsulo zikakumana zimapanga inki yakuda. Thireyi ya dzimbiri, msomali wa pathabwa, waya woyanikira, ngakhale madzi a m'mgolo wachitsulo, zonsezi zimasiya mabanga akuda osachoka. Gwiritsani ntchito beseni lapulasitiki ndi chingwe cha nsalu kapena khonje. Makungwa a mthethe owiritsa amagwiranso ntchito ngati tiyi ndipo ndi amphamvu kuposa, koma musasende mtengo wamoyo kuzungulira, mudzaupha.

Likauma, dulani timizere tina mubwereze muyeso wa chigubu uja, muone ngati nambala yakwera. Dziwani kuti pepala lotere limapirira madzi ozizira, mvula ndi chinyontho cha ndiwo zamasamba. Madzi otentha amalifoola.

Msoko wa thumba

Nditakonza pepala ndinaganiza kuti ndamaliza, koma matumba anapitiriza kutseguka kunsi. Pepala linali bwinobwino, chomwe chinkamasuka ndi msoko, poti ndinkamatabe ndi phala la chinangwa. Chomatira cha msoko chiyenera kupirira madzi kuposa pepala lenilenilo, ndipo chabwino chomwe mungapange pakhomo ndi cha chambiko ndi laimu. Akalipentala akale ankamata matabwa ndi guluu wa mkaka wotereyu, ndipo ngakhale ndege zoyambirira zamatabwa zinkamatidwa naye.

Tengani chambiko cha mkaka woyengula mafuta, muchifunditse pang'ono kuti chilekane, musefe pansalu. Zoundana zotsala pansaluzo zitsukeni ndi madzi ozizira n'kuzifinya. Laimu wopaka nyumba muviikeni usiku wonse kuti akhale phala losalala. Sakanizani magawo 5 a zoundanazo ndi gawo limodzi la phala la laimu, mutakase mwamphamvu. Pakapita mphindi zingapo timibulu timatha ndipo zimasanduka ulimbo wosalala. Zikakhuthala thirani madzi pang'ono. Pakani mopyapyala pamsoko, mupanikize, musiye tsiku lathunthu. Guluuyu amalimba yekha m'kapu pakatha maola ochepa ndipo sasungunukanso, choncho pangani wochepa. Laimu amawotcha: valani magolovesi, samalani maso, ana akhale kutali. Mukamusungunula ndi madzi ambiri mpaka kukhala ngati mkaka, mukhoza kupaka pepala lonse la tizikwangwani tokhala panja, koma limauma gwa ndipo limasweka popinda.

Chitosan ndi citric acid

Kwa amene akufuna kupita patsogolo, chitosan ndi chimodzi mwa zinthu zachilengedwe zomwe akatswiri a mapepala amazifufuza kwambiri. Amachokera ku zigoba za nkhanu ndi tinkhanu ta m'nyanja ya mchere. Ubwino wake ndi woti amakokana mwachibadwa ndi tiulusi ta pepala, amasungunuka m'madzi a asidi wochepa, koma asidiyo akachoka sasungunukanso. Kumupanga nokha kumafuna kuwiritsa zigoba mu kositiki wamphamvu kwambiri, ndiye musayesere pakhomo. Ngati mwapeza wa ufa kwa ogulitsa zipangizo za m'malabu kapena poitanitsa kunja, sakanizani mamililita 200 a viniga woyera ndi mamililita 800 a madzi, muwazemo magalamu 10 a ufawo mukutakasa, musiye usiku wonse. M'mawa sefani, pakani ndi burashi mbali zonse, muumitse. Kenako viikani pepalalo mwachidule m'madzi a soda wophikira, supuni yaikulu imodzi pa lita, kuti asidi wa viniga aphedwe, mutsukuluze n'kuyanikanso. Mukadumpha soda ameneyu, chitosan amafewanso akanyowa. Pepala lake limakhala loyera ndipo limapindika bwino. Ngati ndi lokutira chakudya, uzani ogula, poti pali anthu amene thupi lawo limadana ndi nkhanu.

Sitachi wa chinangwa uja akhoza kupulumutsidwa pang'ono ndi citric acid, ufa wowawasa wogulitsidwa pamodzi ndi zophikira makeke. Asidiyu akatenthedwa kufika madigiri 150 kapena kuposerapo amamangiriza sitachi ndi tiulusi pamodzi. Phikani phala lopyapyala la magalamu 30 a sitachi pa lita, likafunda musungunuliremo magalamu 8 a ufawo, pakani, muumitse, kenako muike mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi 5 mpaka 10 mukuyang'anira, kapena musite pang'onopang'ono ndi nsimbi mutayala nsalu pamwamba. Popanda moto palibe chimachitika. Madzi a mandimu ali ndi asidi yemweyu koma shuga wake amapserera n'kudetsa pepala. Njirayi sindiikonda pa matumba, chifukwa pepala limakhala lophweka kuthyoka popinda. Imayenera makadi ndi tizikwangwani tosapindidwa.

Phula, mbande ndi chakudya

Phula la njuchi silimanga tiulusi, limangotseka njira ya madzi, choncho likhale lomaliza pa pepala lomwe lalimbitsidwa kale. Likhuteni pa pepala ngati choko, muyale pepala lina pamwamba, musite ndi nsimbi yofunda. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndiye nsimbi yotentha kwambiri n'njosafunika. Yambani mwadinda dzina la bizinesi yanu ndi kumata misoko, chifukwa pa phula sipagwira inki kapena guluu. Nthawi zambiri kupaka kunsi kwa thumba kokha n'kokwanira.

Machubu a mbande amafuna nzeru ina. Ayenera kupirira kuthiriridwa kwa milungu ingapo kunazale, kenako awole m'nthaka kuti mizu idutse. Apatseni jelatini ndi tiyi kamodzi kokha, opanda phula, ndipo muwasanje mothithikana kuti azichirikizana. Yesani ochepa kaye kwa nthawi yonse yomwe mbande zanu zimakhala kunazale, ndipo yang'anirani chiswe.

Pa chilichonse chokhudza chakudya mwachindunji, monga mandasi, usipa kapena ufa, musaikemo nyuzipepala kapena mapepala osindikizidwa m'phala, chifukwa inki ndi mankhwala ake zimatsalira. Gwiritsani ntchito luzi loyera, jelatini wodyedwa wa m'mapaketi, ndi madzi akumwa, ndipo guluu wa laimu akhale kunja kwa thumba. Pali ogula ena amene safuna kuti chakudya chawo chikhudzane ndi jelatini wosadziwika nyama yake, makamaka abale athu achisilamu, ndiye werengani paketi ndipo muziwauza zoona. Ngati mukufuna kugulitsa zochuluka kwa opanga zakudya, pitani ku Malawi Bureau of Standards, likulu lawo lili kuno ku Blantyre, mukafunse zofunika musanagule zipangizo zambiri.

Mphemvu ndi makoswe amakonda jelatini, sitachi ndi guluu wa mkaka. Sungani mapepala omalizidwa m'bokosi lotseka, pamwamba, kutali ndi khoma lachinyontho, ndipo m'nyengo ya dzinja muziwatulutsa nthawi ndi nthawi apitidwe mphepo.

Musanapereke katundu kwa wogula, tengani thumba limodzi pa gulu lililonse lomwe mwapanga. Tsukani tomato wokwana kilogalamu imodzi, mumuike m'thumbamo akudontha madzi, mulikoleke pamsomali kwa theka la ola. Kenako linyamuleni muyende nalo mpaka pasiteji ya minibasi ndi kubwerera, mukuligwedeza ngati mmene amachitira munthu wochokera kumsika. Mukafika yang'anani kunsi ndi m'makona. Likabooka pakati, bwererani ku luzi ndi mtondo. Likatseguka pamsoko, vuto ndi guluu. Likafewa lonse koma osang'ambika, liviikeninso mu tiyi gulu lonselo musanalitumize.